Werengani, Mayi

Amake Dokotala anaphunzira kuwerenga mobisa, ndipo amene ankamubisira kwenikweni anali mwana wawo yemwe, mphunzitsi wa pa yunivesite, katswiri wa nkhani za kulemba ndi kuwerenga. Sikuti ankamuopa ayi. Ankafuna kudzamudzidzimutsa tsiku lina, kumuwerengera kanthu pamaso, kuti aseke kuseka kwake kwa ali mwana kuja, kotulutsa usinini wonse.

Mayiwa anakalamba ndi simbi m'manja. Moyo wawo wonse anali wochapa ndi kusita zovala za anthu, ndipo ndi thovu la sopo lomwelo anaphunzitsa mwana mpaka anthu kuyamba kumutchula Dokotala, ngakhale sankadziwa kubaya jekeseni. Pa ntchito yawoyo, kuti asasokoneze zovala za makomo osiyanasiyana, ankasokerera ulusi kuseri kwa kolala. Ulusi wofiira wa mfundo imodzi unali wa kwa namwino, wakuda wa mfundo ziwiri wa kwa mwini golosale, wobiriwira wa kwa bambo wina wovuta amene ankanunkhiza malaya asanawalandire. Tsopano manja anali atapuma. Ankakhala kwa mwana wawo, m'kachipinda kakumbuyo, khoma limodzi ndi makina ochapira amene ankagwira ntchito yawo yakale mobuula ngati akudwala m'mimba.

Ku yunivesite mwanayo ophunzira ankamutcha Dokotala Paliponse, chifukwa phunziro lake lililonse linkathera pa mawu omwewo: kuwerenga kuli paliponse. Iye ankati kuwerenga si zilembo ayi. Mlimi amawerenga mitambo, mayi amawerenga nkhope ya mwana, wochapa amawerenga ulusi, choncho padziko palibe mbuli, pali anthu owerenga zosiyana basi. Maso ndi maso ndi ofesi yake panali ofesi ya mayi wina wamkulu, wa tsitsi la imvi lometa bwino, amene ankamutcha Pulofesa Chilembo. Ameneyu ankati zonsezo ndi nyimbo zogonekera ana. Kuwerenga ndi luso limodzi lokha, kusandutsa zilembo kukhala mawu, ndipo luso limeneli limayezeka monga amayezera shuga: uli nalo kapena ulibe. Amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma awa ankalira ndithu, ngakhale mmodziyo anali thadzi, ndipo yunivesite inkawathirira gaga onse awiri mwezi ukatha.

Chida chachikulu cha Dokotala pa nkhondo imeneyi chinali amayi ake. Mfundo zawo za ulusi zinasanduka mfundo za buku lake. Ankawakhazika pakhonde, kuika kachipangizo kojambula mawu patebulo, n'kumawafunsa za ulusi wofiira ndi wakuda mpaka tiyi kuzizira. Iwo ankayankha mokondwa, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene mwana wawo ankakhala nawo pansi osayang'ana foni.

Koma panali nkhani imodzi imene sinalowe m'bukumo. Chaka chimene bambo ake a Dokotala anadwala, mayiwa anapita nawo ku chipatala m'mamawa, n'kukhala pabenchi pafupi ndi chitseko chimene ankalowera nthawi zonse. Pachitsekopo panali pepala. Anthu ankabwera, kuyang'ana chitseko, n'kutembenuka, ndipo iwo ankangoti mumtima anthu a masiku ano kusaleza mtima, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa litafika pamutu, munthu wosesa anawafunsa kuti, "Kodi simukuona? Palembedwa kuti anasamukira kuseri." Pamene ankafika kuseriko atagwiriziza mwamuna wawo, mzere unali utatsekedwa, ndipo anawauza kuti abwere sabata yamawa. Sabata yamawayo inawapeza ali pamaliro. Mwina bamboyo akanamwalirabe, zimenezo adziwa ndi Mulungu, koma chimene chinkawadya mayiwa n'chakuti chitseko chinkalankhula m'mawa wonse, iwo ali pomwepo, osamva. Tsiku limene anayamba kufotokoza zimenezi pakhonde paja, Dokotala anazimitsa kachipangizo kake n'kunena kuti, "Izo n'zina amayi, tiyeni tibwerere ku ulusi."

Ndiye atamva kwa mayi wina wogulitsa nthochi kuti pa sukulu ya ana ya kumunsi kwa msewu akuphunzitsa akuluakulu masana, ana akaweruka, anapita. Kunyumba ankangoti akukacheza ndi anzawo. Ankakhala pa timipando ta ana, mawondo kufika pachibwano, iwo, wogulitsa nthochi uja, mlonda wina wogona m'kalasi ndi bambo wosoka nsapato. Mphunzitsi wawo anali mtsikana woleza mtima, wovala nsapato zakutha kumbali. Chimene amake Dokotala sankadziwa n'chakuti kalasi imeneyi inali imodzi mwa makalasi a Pulofesa Chilembo, amene anawatsegula kuti aonetse dziko kuti njira yake imagwira ntchito. Akanadziwa mwina akanaganiza kawiri, koma nkhondo za m'maofesi sizilembedwa pazipata.

Ba, be, bi, bo, bu anadutsa bwino. Chinawagwira pakhosi ndi pamene m ndi b anakhalira limodzi. Ankati mu-bu-zi, mphunzitsi n'kuti ayi, musawalekanitse, ali pabanja amenewo. Kwa masabata angapo ankayenda ndi mbu pakamwa, posesa, posamba, ngakhale popemphera. Tsiku limene anayang'ana pabolodi n'kunena kamodzi kokha kuti mbuzi, kalasi yonse inawomba m'manja, ndipo mlonda uja anadzuka kutulo n'kulira mee. Anaseka mpaka misozi. Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kuwalankhula, mapaketi, zipupa, matumba a simenti, ndipo mphunzitsi anawasankha kuti pa tsiku lotsekera kalasi adzaimirire pamaso pa anthu n'kuwerenga tsamba lathunthu, kankhani ka mbuzi imene inadya sopo wa wochapa. Tsiku limenelo ndi limene ankasungira mwana wawo. Ankamuona kale m'maganizo atakhala pa kampando ka ana, suti yake itakwinyika, akuseka.

Koma chimwemwe ndi chovuta kusunga kuposa chisoni. Loweruka lina akuchokera kogula zinthu, galimoto ya Dokotala inaima pamdipiti wa magalimoto pafupi ndi shedi ya wowotcherera zitsulo. Pamwamba pa shediyo panali chikwangwani cha malata cholembedwa ndi penti yofiira yoyenderera. Mayiwa anachiyang'ana kudzera m'magalasi awo amene mwanayo anawagulira kuti azilowetsera ulusi pasingano, ndipo mawu anatuluka okha.

"Ti-ma-wo-tche-re-ra zi-tsu-lo pa-no."

Dokotala anatembenuka. "Mwati chiyani, amayi?"

"Timawotcherera zitsulo pano," anabwereza, tsopano mothamanga, nkhope yonse ili mwee. "Ndi zimene alembazo. Ndanama?"

"Wakuuzani ndani?"

"Chikwangwanicho, mwanawe. Chandiuza chokha."

Anadikira usinini uja. Galimoto za kumbuyo zinayamba kuimba mahutala, chifukwa mzere unali utasuntha, koma Dokotala anangogwira chiwongolero ngati munthu amene wamva uthenga wa maliro. Kenako anayendetsa galimoto mpaka kunyumba. Atafika sanatsitse n'katundu yemwe. Anawatengera pakhonde paja, pamipando yomwe ija, koma lero patebulo panalibe kachipangizo.

"Zayamba liti zimenezi?"

Anamufotokozera zonse, timipando, mlonda, mbuzi, tsiku lotsekera. Atatchula dzina la sukuluyo, Dokotala anagwira kumutu.

"Kalasi ya mayi uja! Amayi, mwa makalasi onse a m'tauni muno, mwakalowa m'khola la mdani wanga?"

"Ine ndinalowa m'kalasi ya ana. Mdani sindinamuonemo."

"Tamverani. Lachisanu likubwerali kuli mtsutso waukulu muholo ya pa yunivesite, ine ndi iyeyo, pamaso pa akuluakulu onse amene akuona ngati ndikuyenera upulofesa. Ndinalonjeza kuti ndibwera nanu. Mutu wachitatu wonse wa buku langa ndi inuyo. Ndinalemba kuti simudziwa chilembo ngakhale chimodzi, simukuchifuna, ndipo simunasowepo kanthu chifukwa chosachidziwa."

"Ndinanena liti kuti sindikuchifuna?"

"Munati zimenezo n'za ana."

"Ndinati maso atha. Kenako unandigulira magalasi."

Dokotala anapuma mozama monga ankachitira ndi ophunzira ovuta kumva. "Amayi, inu muli ndi kuwerenga kwanukwanu, kozama, kwa m'manja mwanu. Zilembozi ndi goli limene anatisenzetsa ena kuti tizidziona operewera. Akukuchotsani chuma chanu n'kukupatsani ba-be-bi."

"Goli lomwelo si limene lakugulira galimotoyi?"

Sanaseke. Anagwada, mwana wa suti, mawondo pasimenti, n'kugwira manja awo okhakhala aja. "Mukadziwika kuti mumawerenga, ndiponso kuti wakuphunzitsani ndi iyeyo, ine ndatha. Anena kuti ndinanama, kapena kuti mayi anga enieni athawa chiphunzitso changa. Zonse zimene munavutikira pochapa zipita m'madzi. Ndikupempha Lachisanu lokha. Likadutsa, muziwerenga ngakhale nyuzi zonse za m'dziko muno."

Anadziwa pokanikiza, mwana ameneyu. Akanawakalipira akanalimba, koma anatchula kuchapa. Mayiwa anayang'ana pamutu pake pamene tsitsi linayamba kuthothoka ngati bambo ake, ndipo mtima unawawawa, komabe anati, "Lachisanu lokha."

Lachisanu m'mawa anavala diresi lawo la kutchalitchi, koma Dokotala anawapempha kuti avale lakale lija ankachapira, ndi duku. Pakhomo anatambasula dzanja. "Magalasiwo asiyeni, amayi. Amakuonetsani ngati mlembi."

Holo inali yodzaza, ophunzira mpaka pamasitepe, akuluakulu a yunivesite kutsogolo, ndi mnyamata wa kamera atazika miyendo itatu ya makina ake pakati pa kanjira. Anawakhazika pampando papulatifomu, pakati pa matebulo awiri, kumbuyo kwawo kuli bolodi yoyera. Sanakhalepo pamwamba chotero chibadwire. Nkhope za anthu zinali mbuu popanda magalasi, koma kumapeto kwenikweni anazindikira kakhalidwe ka munthu mmodzi, wopendekera kutsogolo, manja pamawondo. Anali mphunzitsi wawo. Onse ogwira ntchito m'makalasi a Pulofesa anauzidwa kuti abwere kudzawomba m'manja.

Dokotala ndiye anayamba, ndipo kunena zoona mwanayo pakamwa anali napo. Anati kwa zaka zambiri ophunzira agawa anthu pawiri, odziwa ndi osadziwa, ndipo mpeni wogawira anaupanga okha. Anati kuwerenga si chinthu chimodzi chokhala m'mutu mwa munthu, koma ndi zochita za anthu pa moyo wawo, zosiyana khomo ndi khomo. Kenako anakhuthula dengu la malaya patebulo, makolala ake osokerera ulusi, n'kupempha amayi ake kuti awasankhe. Manja anagwira okha ntchito yawo yakale, awa a kwa namwino, awa a kwa golosale, awa a kwa wonunkhiza uja. Holo inawomba m'manja ngati aona nyani akuyendetsa njinga.

"Mayi awa sanagwirepo choko," anatero Dokotala, dzanja lili paphewa pawo. "Sadziwa a, sadziwa b. Koma ndani pano angaimirire n'kunena kuti sawerenga? Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndikuti mwendowo suli wochepa n'komwe, chochepa ndi muyezo wathu."

M'manja munawombedwanso. Mayiwa anayang'ana pansi, chifukwa ankamva maso a mphunzitsi wawo akuwabaya kuchokera kumapeto kuja.

Pulofesa Chilembo anaimirira mosafulumira. Sanakweze mawu, analibe nazo ntchito zokuwa. Anayamba wapereka moni kwa mayiwa mwaulemu, mpaka kugwira chigongono, kenako anatembenukira ku holo.

"Mfundo za ulusizi n'zokongola," anatero. "Koma mfundo yotere siyenda. Ikatuluka m'nyumba ya mayiwa ndi ulusi chabe. Chilembo chimayenda, chimafika kwa munthu amene sunamuonepo, ndipo dziko limene tikukhalali limalankhula ndi zilembo, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Mnzanga akuti palibe mbuli. Mawu okoma, ndipo savuta kunena ukakhala ndi madigiri atatu. Ine ndikuti munthu wosadziwa chilembo ungamugulitse iye ali pomwepo akumwetulira. Mundilole ndionetse."

Anatenga cholembera chakuda n'kupita pabolodi. Analemba zilembo zikuluzikulu, zoimirira bwino ngati za kalasi yoyamba, moti ngakhale maso opanda magalasi ankaziona. Akulemba, holo inayamba kung'ung'udza, ena kuseka mobisa, ena kuti aa. Atamaliza anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuloza.

"Werengani, mayi."

Amake Dokotala anatembenuka atatsimikiza mumtima kuti angoyang'ana ngati mmene ankayang'anira chitseko chija. Koma palibe amene anawachenjeza kuti chinthu chimenechi chikakulowa sichipempha chilolezo. Maso anangogwera pa zilembo, mawu n'kudzuka okha m'mutu. MAYI. Limenelo linali liwu loyamba kuliphunzira, analidziwa ngati nkhope ya mnansi. UYU. NDI. Kenako anaona m ndi b ali pabanja pawo, u akuwatsatira, ndipo mtima unadumpha mopusa ndi chimwemwe, chifukwa anati mbuzi yanga ija. Anaganiza kuti bola mbuzi, mbuzi ndi chiweto, munthu angathe kuseka nawo. Anafunafuna z, kachilembo kokhotakhota kaja, koma pamalo pake panaima ndodo yowongoka ya phazi limodzi. Anabwerera poyamba kuti mwina alakwitsa, monga ankachitira m'kalasi. Sanalakwitse. MAYI UYU NDI MBULI.

Anali atatchulidwapo dzina limeneli, pamsika, pa basi, ngakhale ndi mabwana ena a zovala, koma mawu olankhula amapita ndi mphepo. Ili linali litaima chilili, lakuda, lalikulu kuposa mutu wawo, ndipo aka kanali koyamba m'moyo kuti munthu awalembere iwo kanthu.

Ankadziwa chochita kuti alifafanize. Kungolitchula mokweza, mawu anayi okha, bodzalo likanadzigwetsa lokha pamaso pa holo yonse. Kumapeto kuja mphunzitsi wawo anali ataimirira theka, akugwedeza mutu kuti inde, inde, nenani. Mawu anafika pammero, lilime linakonzeka. Ndiye anayang'ana mwana wawo. Dokotala anali atagwira m'mphepete mwa tebulo, thukuta lili pamphuno, ndipo maso ake sanali pabolodi pamene amayi ake anatukwanidwa. Anali pa milomo yawo.

"Werengani, mayi," Pulofesa anabwereza mokoma. "Musachite mantha."

Liwu loti werengani lili ndi zitseko ziwiri, ndipo wochapa aliyense amalidziwa kuchokera ku chitseko chinacho, chowerenga malaya asanawabweze kwa eni ake. Mayiwa anadzuka, mawondo akulira, n'kupita pabolodi. Anaika chala chawo chokhakhala pa chilembo choyamba.

"Chimodzi," anatero. Chala chinasuntha. "Ziwiri. Zitatu. Zinayi."

Poyamba holo sinamvetse. Kenako wina kumbuyo anaphulika, ndipo kuseka kunayenda mzere ndi mzere mpaka kwa akuluakulu a kutsogolo amene ankabisa pakamwa ndi mapepala. Iwo anapitiriza, osafulumira, chala chikukhudza chilembo chilichonse. Anadutsa pa m, pa b, pa u, ndipo atafika pa ndodo ya phazi limodzi ija mawu ananjenjemera pang'ono, koma palibe anamva chifukwa cha phokoso.

"Khumi ndi zisanu, mayi," anauza Pulofesa, n'kupinda mawondo mwaulemu. "Zonse zilipo, palibe chasowa."

Pulofesa anadikira kuti kuseka kuchepe. "Mwaona," anatero. "Ndawanyoza pamaso, iwo andiwerengera zilembo ngati mazira. Pepani mayi, sindinachite ndi mtima woipa, ndi sayansi. Uku ndiye kusadziwa kuwerenga, ndipo ndakatulo za mnzangayu sizingakuchize."

Koma Dokotala anali atadumpha kale, nkhope ikuwala ngati wapeza ndalama m'thumba la malaya akale. "Mwaona!" anakuwa. "Mwaona zimene zachitika? Mwawapatsa lamulo la chilembo, iwo alikana! Atenga liwu lanu lomwelo, kuwerenga, n'kulipatsa tanthauzo la m'moyo wawo. Chipongwe chanu sichinawafike n'komwe, chagwera panja pa dziko lawo. Taonani nkhope yawo, muli bala mmenemo? Kumeneku ndiye kuwerenga kwenikweni!"

Theka la holo linawombera uyu, theka linawombera uyo, ndipo wapampando anati mtsutso wotere sunachitikepo pa yunivesite imeneyi. Mayiwa anabwerera pampando wawo n'kukhala pansi pa mawu aja, poti palibe amene anaganiza zowafufuta.

Pambuyo pake panali tiyi ndi mabisiketi pakhomo la holo. Atambala awiri aja anaima pamodzi, makapu m'manja, akuseka ngati ana a mimba imodzi. Mayiwa anamva Pulofesa akuti nkhani imeneyi ikuyenera kulembedwa, ndipo Dokotala akuyankha kuti aliyense alembe mbali yake, zidzatuluke m'buku limodzi. Kenako anaona mphunzitsi wawo akupita kwa Pulofesa, akumukokera pambali, akulankhula mofulumira uku akuloza kupulatifomu. Nkhope ya Pulofesa inauma. Anayankha mawu ochepa, chala chili m'mwamba, n'kubwerera ku tiyi wake.

Mtsikanayo anakwera papulatifomu maso ali ofiira, n'kugwada pafupi ndi mpando.

"Amayi, bwanji? Ndinakuonani. Milomo yanu inanena mbu, ndinaiona ndi maso angawa."

"Ndi mwana wanga uja," anatero iwo.

"Ine ndapusa, amayi. Ndimati ndikuthandizeni, ndawauza a Pulofesa kuti ndinu wa m'kalasi mwanga, ndipo mumawerenga kuposa onse." Anatsitsa mawu. "Akuti ngati zili choncho, ndiye kuti kamera yajambula wophunzira wa njira yawo akulephera mawu anayi, kapena yajambula iwo akutukwana munthu amene akumva. Zonse ziwiri sakuzifuna. Akuti inu simunakhalepo m'kalasi mwathu."

"Nanga timipando tija ndinkakhalira ndani?"

"Akuti musabwerenso. Tsiku lotsekera adzabwera iwo eni ndi alendo, ndiye nkhope yanu isadzaoneke. Tsamba lija ndimupatsa wa nthochi." Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake zakutha. "Ndikakana ntchito yanga yatha. Akuti pa ophunzira athu inu simuwerengedwa."

Mayiwa anangogwedeza mutu. Anafuna kufunsa ngati wa nthochiyo adzathe kutchula sopo bwinobwino, poti ankati so-pho, koma mnyamata wa kamera anali atafika ndi Dokotala. Ankafuna chithunzi cha pachikuto cha buku. Anawaimika pafupi ndi bolodi, anawakonza duku, anawapatsa malaya amodzi kuti agwire kolala. Mayiwa anatambasula dzanja la malayawo kuti apukute mawu aja, koma Dokotala anawagwira mkono.

"Ayi amayi, asiyeni. Mphamvu ya chithunzi ili pamenepo."

"Mayi, yang'anani bolodi," anatero wa kamera. "Muziyang'ana ngati simukumva kanthu. Eya, choncho. Mumatha bwanji!"

Pobwerera kunyumba dzuwa linali likupendeka, ndipo Dokotala ankaimba kamluzu. Anati mkulu wa akuluakulu aja anamugwira dzanja kawiri. Anati alendo ena ochokera ku mayunivesite akutali apempha kale kuti adzapite kukalankhula, ndipo onse akufuna kuti adzabwere ndi amayi ake, dengu la malaya ndi bolodi. Anati kuwerenga zilembo kuja, chimodzi, ziwiri, zitatu, ngakhale iye mwini sakanakuganiza, ndipo azidzachita chimodzimodzi kulikonse kumene adzapite.

"Unati Lachisanu lokha," anatero mayiwa.

"Ndinatero, koma zinthu zakula, amayi. Simukuona? Bukulo likatuluka anthu adzakudziwani nkhope. Simungamaoneke m'misewu mukuwerenga zikwangwani."

"Mpaka liti?"

"Buku silitha ngati sopo, amayi. Likalembedwa lalembedwa."

Galimoto inaimanso pamdipiti pamalo omwe aja, pafupi ndi shedi ya wowotcherera zitsulo. Moto wa buluu unkathetheka mkatimo, ndipo chikwangwani cha penti yofiira chinali pomwepo, zilembo zake zikuluzikulu zosafuna magalasi. Sanafune kuchiyang'ana, koma chinawapeza chokha, ndipo ti-ma-wo anayamba kuyenda pakamwa mopanda mawu.

"Amayi," anatero Dokotala, maso ali pamsewu. "Milomo."

Anatseka pakamwa. Poona kuti chikwangwani chikulankhulabe, anatsekanso maso. Koma mumdimamo munali bolodi yoyera ija, ndi zilembo khumi ndi zisanu zoimirira bwino, ndipo umo munalibe wowaletsa. Anawerenga mawu anayi onsewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osalekanitsa m ndi b, osalakwitsa ngakhale pamodzi.